Kodi wosewera rugby aloledwe kusintha dziko?

Mawu amene mmodzi wa mamembala athu anayankhula pamsonkhano wa kalabu ya omvera wailesi

 

Komiti itandipempha kuti mwezi uno ndiyankhule ndine, ndinati ndikamba za rugby. Alembi athu anaseka mpaka cholembera kugwa. Akuti, "Achimwene, kuno ku Angónia ndani anaugwirapo mpira umenewo? Bwanji osakamba za mtengo wa feteleza kapena msika wa kachewere?" Ndinawayankha kuti ayambe amva kaye. Masewerawa ndi achilendo kwa ife, inde, koma funso limene lili m'kati mwake ndi lathu lomwe, ife anthu a m'malire.

Kwa amene simunauonepo, mpira wa rugby ndi wooneka ngati dzira lalikulu. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 15, ndipo amasewera mphindi 80. Amaunyamula m'manja n'kumathamanga nawo, adani n'kumakugwira ndi kukugwetsa pansi. Popatsirana ndi manja saloledwa kuponyera kutsogolo ayi. Ukakauika pansi kuseri kwa mzere wa adani, timu yako yapeza mapointi 5. Ine ndinaudziwira ku Joni komwe ndinakhalako zaka zingapo pa ganyu. Kumeneko timu ya dziko, Springboks, ikamasewera, anthu amadzaza paliponse pamene pali kanema. Poyamba ndinkangoona ngati amuna akulimbirana dzungu. Kenako ndinayamba kuwamvetsa, n'kuwakonda.

Tsono funso ndi ili: munthu amene wavalapo malaya a dziko limodzi, waimbapo nyimbo ya fuko lake dzanja lili pachifuwa, kodi aloledwe tsiku lina kukavala malaya a dziko lina? Ine yankho langa ndi lakuti eya, aloledwe, koma kamodzi kokha, ndiponso kupita kumene kuli magazi ake. Ndifotokoza chifukwa chake, komanso sindibisa pamene mtima wanga ukukayika.

Tiyambe ndi mbiri pang'ono. Chaka cha 2000 chisanafike, khomo linali lotsegula. Frank Bunce anasewerera Samoa pa chikho cha dziko lonse, chimene ife tinazolowera kuti Mundial, mu 1991. Chaka chimenecho tizilumba timeneti tinadabwitsa anthu pogonjetsa Wales 16-13 kwawo komwe ku Cardiff. Chaka chotsatira New Zealand inamutenga Bunce, nakhala mmodzi wa akatswiri a timu yawo ya All Blacks. Pafupi nafe pano, Adrian Garvey anasewerera Zimbabwe pa Mundial ya 1991, koma pa ya 1999 anali atavala malaya a South Africa. Analiponso oyenda ulendo wobwerera, monga Va'aiga Tuigamala amene anayamba ndi All Blacks n'kudzasewerera Samoa kumene anabadwira. Choncho njira inali ya mbali ziwiri, ngakhale kuti wamphamvu ndiye ankayamba kusankha.

Mu 2000, bungwe loyendetsa masewerawa, limene nthawi imeneyo linkatchedwa IRB ndipo lero ndi World Rugby, linatseka khomo lija. Linati munthu mmodzi, dziko limodzi, moyo wonse. Chaka chomwecho kunabuka nkhani yochititsa manyazi ku Wales. Osewera awiri obadwira ku New Zealand, Shane Howarth ndi Brett Sinkinson, ankasewerera Wales ponena kuti agogo awo anabadwira kumeneko. Zikalata zitafufuzidwa sizinavomereze. Agogo a Sinkinson anapezeka kuti anabadwira ku England. Anthu ambiri atamva zimenezi anati eya, bola atseke, zanyanya.

Kungomva, lamulo limeneli ndi labwino ndithu. Ndani safuna kukhulupirika? Koma tamverani mmene linkagwirira ntchito. Ukangolowa m'bwalo kamodzi m'timu yaikulu ya dziko, kaya ndi mphindi ziwiri zokha masewera akutha, basi wamangidwa. Aphunzitsi akakutaya mawa lake, iwo sataya kanthu. Iwe ndiye watsala m'malere: amene anakumanga sakukufuna, amene akukufuna sangakutenge.

Amene anapwetekedwa kwambiri ndi zilumba za m'nyanja ya Pacific, makamaka Tonga ndi Samoa. Tonga ili ndi anthu pafupifupi 100,000 okha. Boma lathu lino la Angónia lokha limaposa chiwerengero chimenecho kangapo. Ntchito kumeneko ndi zosowa, choncho mabanja ambiri anasamukira ku New Zealand ndi ku Australia, monga momwe abale athu amapitira ku Joni. Ana amabadwira komweko, kapena amatengedwa ali anyamata kukaphunzira kusukulu zakumeneko chifukwa cha luso la mpira. Akakula, malaya oyamba kuwakopa ndi akuda a All Blacks, pakuti kumeneko ndiye kuli dzina ndi ndalama.

Pali banja limodzi limene nkhani yake imandikhudza. Siale Piutau ndi Charles Piutau ndi pachibale, mimba imodzi, makolo awo ndi a ku Tonga koma iwo anabadwira ku New Zealand. Wamkuluyo, Siale, anasankha Tonga, mpaka anatsogolera timuyo pa Mundial ya 2019. Wamng'onoyo, Charles, anasewerera All Blacks maulendo 17, ndipo komaliza kunali mu 2015 ali ndi zaka 23 zokha. Sanamutenge pa Mundial ya chaka chimenecho. Anapita kukasewerera matimu a ku Ulaya kumene malipiro ndi ochuluka, ndipo New Zealand ili ndi mwambo wake woti satenga munthu amene akusewera kunja. Ndiye taonani: mnyamata ali pachimake pa mphamvu zake, New Zealand sikumutenga, Tonga ikumufuna koma lamulo likukana, mkulu wake akulimbana ndi zimphona popanda iye. Kodi kumeneko tingati kuteteza ulemu wa mbendera? Mbendera iti?

Mu July 2021 New Zealand inagonjetsa Tonga 102-0. Ndibwereze, 102 kwa 0. N'zoona kuti malamulo a mliri wa Covid analepheretsa osewera ambiri a Tonga kufika, moti anangotolera anyamata amene analipo pafupi. Komabe chithunzicho chinali chomvetsa chisoni, podziwa kuti ana a Tonga odziwa mpira ali mbwee padziko lonse, ena atakhala pakhomo kuonera pa kanema. Munthu wina amene anasewererapo Samoa, Dan Leo, anakhala zaka akudandaula za zimenezi kudzera m'bungwe loimira osewera a kuzilumbazi, mpaka mu 2020 anatulutsa filimu yotchedwa Oceans Apart yofotokoza mavutowa.

Pa 24 November 2021 akuluakulu a World Rugby anavota, ndipo kuyambira pa 1 January 2022 khomo linatsegulidwanso, koma pang'ono. Wofuna kusintha ayenera kukhala miyezi 36 osasewerera dziko loyambalo. Dziko limene akupitako likhale limene anabadwira iye mwini, kapena kholo lake, kapena mmodzi wa agogo ake. Ndipo amasintha kamodzi basi, zotambalala uku ndi uku ayi, poti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Tsopano ndibwere kwathu kuno, alembi aleke kundiyang'ana choncho.

Tikukhala pamalo pamene msewu wa ku Dedza ndi Ntcheu umayenda m'malire enieni. Munda uli mbali ino, chigayo chili tsidya. Maliro akagwa ku Lizulu, olira amachokera mbali zonse ziwiri, ndipo palibe amene amafunsa chitupa pamanda. Nthawi ya nkhondo, mtendere wa pa 4 October 1992 usanasainidwe ku Roma, anthu a dziko lino pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Ambiri m'chipinda chino munali m'gulu limenelo. Ana angati anabadwira tsidya lija? Mlongo wanga anabereka mwana wake woyamba kumeneko. Mwanayo anayamba sukulu kumeneko, nyimbo ya fuko yoyamba kuiloweza inali ya kumeneko. Atabwerera kuno anachita kuphunzira Chipwitikizi ali wamkulu kale, anzake akumuseka kuti Mmalawi. Akapita kukaona anzake a paubwana tsidya, kumeneko amamutchula kuti wa ku Mozambique. Ine malume ake ndikamufunsa kuti kwanu n'kuti, amaseka, amati, "Malume, funso limenelo mukafunse nkhondo."

Tiyerekeze kuti mphwangayo anali ndi luso la mpira, ndipo ali ndi zaka 19 anamuitana tsidya, nasewera kamodzi, n'kumuiwala. Kodi pali wina pano amene angaimirire n'kunena kuti mwana ameneyu asadzavale malaya a dziko la mayi ake ndi bambo ake mpaka kufa? Mwana sanasankhe kobadwira. Chisankho cha mnyamata wa zaka 19, amene wapatsidwa mwayi woyamba m'moyo wake ndipo kunyumba akudikira thandizo lake, sichiyenera kukhala unyolo wa moyo wonse. Anthu okhala m'maofesi a ku Ulaya mwina amaganiza kuti munthu aliyense ali ndi kwawo kumodzi. Ife tikudziwa kuti ena ali nako kuwiri, ndipo sakunamiza aliyense.

Ndiponso ife a Mozambique tili ndi bala lathu pankhaniyi, ngakhale ndi la mpira wamiyendo. Eusébio anabadwira ku Mafalala, ku Lourenço Marques komwe lero ndi Maputo, mu 1942. Pa Mundial ya 1966 ku England anamwetsa zigoli 9, kuposa wina aliyense, ndipo Portugal inakhala yachitatu. Kaputeni wa timu imeneyo, Mário Coluna, analinso mwana wa dziko lino. Iwowa analibe chosankha, pajatu nthawi ya atsamunda kunalibe timu ya Mozambique yodziimira payokha. Ufulu utabwera mu 1975, Coluna anabwerera kwathu, anadzatsogolera ngakhale bungwe la mpira la dziko lino, koma miyendo inali itatha kale. Zigoli zonse zija zili m'mabuku a Portugal. Nchifukwa chake ndikamva kuti mwana wa Tonga akufuna kupereka zaka zake zotsala kudziko la makolo ake, ine sindingamutsekere.

Koma ndinalonjeza kuti sindibisa kukayika kwanga, ndipo pano ndikhalitsapo.

Choyamba, lamulo latsopanoli silinabweretse zozizwitsa. Tonga inalandira mayina akuluakulu: Charles Piutau uja, Malakai Fekitoa amene anabadwira ku Tonga n'kuwina Mundial ya 2015 ndi All Blacks, Israel Folau amene anali katswiri wa Australia. Masewera oyamba atasonkhana, mu July 2022, Fiji inawakwapula 36-0. Pa Mundial ya 2023 ku France anagonja kwa Ireland, Scotland ndi South Africa, n'kungopambana Romania yokha. Samoa, imene inalandira Lima Sopoaga ndi Steven Luatua ochokera ku All Blacks komanso Christian Leali'ifano wochokera ku Australia, inachitako bwino: inatsala pang'ono kugwetsa England, inagonja 18-17. Koma nayonso inabwerera kwawo gawo loyamba litangotha.

Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Anthuwa amabwerera ali ndi zaka 30 kapena kuposa. Dziko lolemera ladya nzimbe kutsinde kumene kuli kotsekemera, losaukalo likulandira kunsonga. Ndiponso timu si mayina. Matimu a mayiko olemera amakhala limodzi miyezi, ali ndi madokotala, mabwalo ndi masewera ambiri chaka chilichonse. A kuzilumba amasonkhana masabata ochepa, wina kuchokera ku France, wina ku Japan, wina ku England, ena mabwana a matimu awo akunyinyirika kuwamasula. Lamulo losintha dziko silikhudza zimenezi n'komwe.

Chachiwiri, wosewera aliyense wobwera amakhala pampando wa wina. Ganizirani mnyamata amene sanachoke ku Tonga, wavutika ndi timuyo zaka zonse, analipo tsiku la 102-0 n'kupirira manyazi. Mundial ikayandikira akumuuza kuti pepa, kwabwera wina wa dzina. Zimawawa. Tikuzidziwa ngakhale m'matimu athu a m'midzi: chaka chonse mukusewera nokha opanda nsapato, tsiku la fainolo abwana a timu abweretsa anyamata atatu a ku Tete amene simunawaonepo. Mwina mupambana, koma chaka chamawa ana a m'mudzi sabweranso kudzaphunzira.

Palinso mayiko amene lamuloli siliwapatsa kanthu, chifukwa alibe ana ambiri m'matimu a mayiko akuluakulu. Chile inafika pa Mundial koyamba mu 2023 ndi anyamata oleredwa kwawo, n'kukumana ndi Samoa imene woyendetsa masewera ake anali Leali'ifano, munthu amene zaka zinayi m'mbuyomo anali pa Mundial ndi Australia. Chile inagonja 43-10. Akanadandaula ndikanawamvetsa. Koma tamverani zimene zinatsatira: mu 2025 mayiko awiriwa anakumananso polimbirana malo a Mundial ya 2027, ndipo Chile ndiyo inapambana. Ine nkhani imeneyo inandiuza kuti mantha oti obwerera kwawo adzameza aliyense anali opitirira. Timu yoleredwa pamodzi imakula chaka ndi chaka, pamene yodalira obwerera imayambanso pachiyambi akuluakulu aja akapuma.

Chachitatu ndi chimene chimandiseketsa. Khomo linatsegulidwira osauka, koma olemera nawo analowera pomwepo. Scotland inatenga Jack Dempsey amene anasewererapo Australia. Wales inatenga Henry Thomas amene anasewererapo England. Ndipo amene anapindula koposa onse ndi South Africa. Jean Kleyn anabadwira ku South Africa, napita ku Ireland mu 2016 kukasewerera timu ya Munster. Nthawi imeneyo ukakhala m'dziko zaka zitatu unkaloledwa kulisewerera, choncho mu 2019 Ireland inamutenga, n'kusiya mwana wawo Devin Toner amene anali atawasewerera maulendo oposa 60. Anthu a ku Ireland anakangana kwambiri. Kleyn anasewera maulendo 5 okha, Ireland n'kumuiwala. Mu 2023 South Africa inamuitana, ndipo pa 28 October chaka chimenecho anali m'bwalo ku Paris pamene Springboks inagonjetsa New Zealand 12-11 n'kutenga chikho.

Ena amati nkhani ya Kleyn ikuonetsa kuipa kwa lamulo latsopano. Ine ndimaiona mosiyana. Ulendo wake wachiwiri, wobwerera kumene anabadwira, ulibe chilema. Wokayikitsa ndi woyamba uja, woti munthu wamkulu kale, wophunzitsidwa mpira ndi dziko lina, amusandutse wa dziko lanu chifukwa chakuti wagwira ntchito kwanu zaka zitatu. Khomo limenelo ndi la a ndalama okha, chifukwa ndi okhawo amene ali ndi matimu olemba ntchito alendo. Tonga singaitane mnyamata wa ku Pretoria kuti adzakhale zaka zitatu, imulipira chiyani? Bungwe lija linazindikira zimenezi n'kukweza zakazo kufika pa zisanu. Ndi bwinoko. Sindikunena kuti mlendo asakhale mwana wa pakhomo, ayi. Wokhazikika, womanga banja, ana ake akuphunzira pamenepo, ameneyo ndi mnzathu. Koma pali kusiyana pakati pa mkamwini ndi waganyu.

Za agogo nazo ndili nazo mawu. Munthu ali ndi agogo anayi. Wina sanapondepo m'dzikomo, chilankhulo sadziwa, agogowo anamwalira iye asanabadwe, koma pepala likuti ndi wa kumeneko. Ndikanakhala ine wolemba malamulo, ndikanati wodzera mwa agogo aonetsenso china, kaya chitupa cha dzikolo, kaya kukhalako ndithu nyengo ina. Koma ndikudziwa kuti ndikatero ndipwetekanso Samoa ndi Tonga omwewo, chifukwa mabanja ena anasamuka kalekale ndipo zidzukulu zikusungabe mwambo, chilankhulo ndi tchalitchi cha kwawo. Apa ndiye ndavomera kuti ndagwira njakata. Mwina wina mwa inu andithandiza.

Anzathu a ku Zimbabwe nkhaniyi amaidziwa bwino kutiposa. Tendai Mtawarira, amene anthu amamutcha Beast, anabadwira ku Harare, napita ku Durban ali mnyamata, n'kusewerera South Africa maulendo 117 mpaka kutenga chikho mu 2019. Lamulo latsopano likanamulola kuvala malaya a Zimbabwe patatha zaka zitatu, koma apo n'kuti ali ndi zaka 37, atapuma kale. Zimbabwe inapezeka pa Mundial mu 1987 ndi 1991, kenako zii zaka zoposa 30, ana ake akuwala m'mayiko a eni. Mu July 2025 inagonjetsa Namibia 30-28 ku Kampala n'kupeza malo a Mundial ya 2027 ku Australia. Mmodzi wa amene anaithandiza ndi Ian Prior, wobadwira ku Australia kwa makolo a ku Zimbabwe. Iyeyu timu yaikulu ya Australia sinamutengepo. Akanangomulowetsa mphindi zisanu zokha m'zaka za lamulo lakale lija, Zimbabwe ikanamutaya.

Pamenepo ndi pamene ndikanakonda lamulo lipitirire. Miyezi 36 ndi yofanana kwa aliyense, kaya unasewera maulendo 70, kaya kamodzi. Ine ndikuona kuti si chilungamo. Amene wadya zaka khumi m'timu ya dziko lolemera adikire zaka zitatu zonsezo, palibe vuto. Koma mnyamata amene anangomulawitsa kamodzi kapena kawiri n'kumutaya, bwanji osamumasula msanga, apite kwawo miyendo ikadali yamphamvu? A mpira wamiyendo anaganizako mbali imeneyi. Kuyambira mu 2020, FIFA imalola kusintha kwa amene sanapitirire masewera atatu m'timu yaikulu asanakwanitse zaka 21, ngakhale iwonso amadikiritsa zaka zitatu. Kusiyanitsa wongolawa ndi wokhuta ndiko ndikufuna a rugby atengereko.

A wapampando, ndaona mwayang'ana wotchi kawiri. Mphwanga uja ndinamuuza kuti lero ndimutchula, ndipo wandituma kuti ndikufunseni: iye akanakhala wosewera, Flames n'kumuitana poyamba, Mambas n'kumuitana pambuyo, inu a m'kalabu mukanamulandira kapena mukanamutcha wogulitsa? Alembi alembe mayankho anu kuti tikawapereke ku pulogalamu ya zamasewera. Ndikuona amayi kumbuyoko akweza kale dzanja.